Mipando ya m'ndege ndi ife a matupi: zimene ndinaona pobwera ku Joni

Mayi a Tionge: Abale pagulu pano, ndakhala masiku atatu ndikulemba n'kufufuta, koma mtima ukukana kukhala chete. Amene mumandidziwa ku Katoto kuno mukudziwa kuti ine thupi ndili nalo, si zobisa. Sabata yatha ndinali ku Joni kukaoda katundu wa pashopu. Nthawi zonse ndimayenda pa basi, masiku awiri panjira, Beitbridge, Nyamapanda, Tete, kufika kuno miyendo itatupa ngati mitondo. Ulendo uno mwana wanga wamkulu anati amayi ayi, bwererani pa ndege, katundu atsatira pambuyo. Anandigulira tikiti. Kampani yake sinditchula chifukwa mlandu wanga si wa kampani.

Ndalowa, mpando wanga ndi wapakati pa mzere wa anthu atatu. Kuwindo kuli kamtsikana kotseka makutu ndi nyimbo zake, mpando wakunjira ulibe munthu. Ndakhala. Chiuno chalowa, koma zotsamira mikono zija zandigwira uku ndi uku. Ndakoka lamba, watsala zala zinayi kuti afike. Ndapuma, ndakokera mimba m'kati, ayi ndithu sakufika. Ndinamukodola mtsikana wogwira ntchito m'ndegemo n'kumunong'oneza. Iyeyo analibe vuto, anangoti dikirani mayi, n'kubwera ndi kalamba kowonjezera atakapinda m'manja kuti anthu asaone. Mwana ameneyo Mulungu amudalitse.

Ndiye kwabwera bambo wa mpando wakunjira uja, jekete pamkono. Wandiyang'ana kuyambira duku mpaka nsapato, watsonya. Osakhala. Waima pomwepo anthu atandanda kumbuyo kwake, waitana mtsikana uja mokweza, m'Chizungu, kuti iye walipira mpando wathunthu osati theka. Ndege inali yodzaza, kunalibe komusamutsira. Wakhala. Asanazimitse foni waimbira wina wake, ndipo apa wayankhula Chichewa chathu chomwechi, akuti "andikhazika ndi thumba la chimanga la 90."

Abale inu. Maola awiri ndi theka ndinapinda manja pachifuwa osawatsitsa. Chakudya ndinakana, osati chifukwa chokhuta, koma ndinkaona ngati ndikatsegula kambale kaja ndege yonse indiyang'ana. Kuchimbudzi sindinapite poopa kumudzutsa. Tatera ku Lumbadzi, ndakwera basi, mpaka pa Chikangawa anthu akudandaula kuzizira ine misozi ikungotsika.

Funso langa ndi ili, ndipo musandinyengerere: ndinalakwa? Munthu wonga ine amayenera kugula mipando iwiri kapena kungosiya kukwera ndege?

NyaChirwa: Pepani achemwali anga. Ndawerenga mpaka ndakwiya ndekha kukhitchini kuno. Munthu wamkulu wa jekete, mlomo wotero?

Madalitso: Akanakhala pa minibasi yanga ndikanamutsitsa pa Dunduzu, ndalama yake n'kumubwezera kkkk

Abusa a ku Zolozolo: Mayi, simunalakwe kukwera ndege ndi thupi limene muli nalo. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Bambo ameneyo wasiya mlomo.

Chifundo: Mayi a Tionge, pepani kwambiri, mawu a bamboyo ndi achipongwe ndipo sindikumuikira kumbuyo. Koma mwati tisakunyengerereni, ndiye ndiloleni ndinene mbali inayo, ngakhale ndikudziwa kuti gulu lindiukira. Ine ndine woonda, makilogalamu 58 ndi nsapato zomwe. Chaka chatha ndinkachokera ku msonkhano wa kusukulu, kuchoka Addis Ababa kubwera ku Lilongwe, maola pafupifupi anayi. Ndinali pawindo. Bambo wapakati anali wojintcha, munthu wabwinobwino, tinapatsana moni. Atangokhala anakweza chotsamira mkono chija m'mwamba osandifunsa, ntchafu yake n'kulowa mpando wanga. Ine ndinapendekeka ngati nthochi, phewa kukhoma la ndege, ulendo wonse. Ndinafika ku Luwinga msana ukuwawa masiku atatu. Sindinanene kanthu chifukwa tinaleredwa kuti wamkulu sumuyankha. Koma kunena zoona nanenso ndinalipira mpando wathunthu. Nanga ife tikadandaule kuti osaoneka ngati anthu oipa mtima?

NyaChirwa: Iwe Chifundo, nkhani ya mayiwa ndi ya kunyozedwa, iwe ukubweretsa za msana.

Chifundo: Anti, afunsa okha ngati amayenera kugula mipando iwiri. Funso limenelo si la kunyozedwa kokha, ndi la malo.

Mayi a Tionge: Musiyeni NyaChirwa, akunena zoona zake. Mwanangu, chotsamira chija ine sindinachikweze. Chinandisiyira mkwingwirima pantchafu koma sindinachikhudze.

Bambo Gondwe: Ndiloleni nane ndiponyepo, popeza ndinagwirapo ntchito ya katundu pa bwalo la ndege zaka zambiri ndisanapume. Nonse awiri, mayi ndi mnyamatayu, mukulimbirana malo amene kulibe. Ndege zambiri zimene zimabwera kuno kuchokera ku Johannesburg, Nairobi ndi Addis Ababa ndi za kanjira kamodzi pakati. Tengani Boeing 737. Ndege imeneyi inayamba kuuluka mu 1967, ndipo kukula kwa thunthu lake m'mimbamu anatengera ku Boeing 707 ya zaka za m'ma 1950. Kuyambira nthawi imeneyo aitalikitsa, asintha mainjini, asintha zonse za kwa oyendetsa, koma m'lifupi sinasinthe. Anthu 6 pa mzere, atatu uku atatu uku. Mpando umodzi ndi mainchesi pafupifupi 17, amene ndi masentimita 43. Tengani rula ya mwana wasukulu ija ya masentimita 30, muike pa mpando wanu wa pabalaza, muwonjezere theka lake osakwana. Amenewo ndiye malo anu onse.

Airbus A320 ndi yotakata pang'ono, mpando umafika mainchesi 18. Inchesi imodzi imaoneka yochepa papepala, koma funsani chiuno.

Tsono chimene anthu amaiwala ndi chakuti ngakhale amuna wamba ambiri, mapewa awo amaposa masentimita 43. Mukhazike amuna atatu a msinkhu wanga pa mzere umodzi, palibe wonenepa ngakhale mmodzi, muona wina atapendekera kunjira, wina kuwindo. Kungoti kwa ife amuna zimathinana kumtunda ndipo palibe amatsonya. Kwa amayi zimathinana kumunsi.

Tiwonge wa ku Chibavi: Apa mwanena madala. Mwamuna akatambasula miyendo mpaka bondo lake kulowa gawo lako, palibe amene amaitana hositesi kuti ndalipira mpando wathunthu.

Madalitso: Ameneyo ndi ine, pepani kkkk

Chifundo: Bambo Gondwe, ndamva. Koma ndege zazikulu zopita kutali bwanji? Zimenezo si za 1967.

Bambo Gondwe: Kumeneko ndiye kumaonekera bwino kuti nkhani ndi ndalama, mphwanga. Boeing 777 poyamba makampani ambiri ankaika anthu 9 pa mzere. Lero ambiri amaika 10 m'thunthu lomwelo. Boeing 787 inkayembekezeka kunyamula 8 pa mzere, koma pafupifupi makampani onse amaika 9, ndipo Japan Airlines ndiyo inadziwika ndi kusunga 8. Mpando umodzi wowonjezera pa mzere, kuchulukitsa ndi mizere yonse, kuchulukitsa ndi maulendo a chaka chonse. Komanso mtunda wochoka pa mpando wako kufika wa kutsogolo, m'makampani otchipa unatsika mpaka mainchesi 28 kapena 29. Ndiye atali nawonso akulira, mawondo ali pamsana pa mnzawo.

Achimwene a Luwinga: Koma tisanamizane, tonsefe tikamasaka tikiti timasankha yotchipa. Walira mvula walira matope. Mipando yotakasuka ilipo kutsogolo kuseri kwa katani, ndani pagulu pano anailipirapo ndi ndalama ya m'thumba mwake?

NyaChirwa: Ine ndinangodutsamo polowa, ndinaona akuwapatsa juwisi tisananyamuke n'komwe.

Madalitso: Ine ndege sindinakwerepo, imene ndimaidziwa ndi yongoiona ikamatera pa bwalo lathu la m'tauni lija ana akuthamangira kumpanda. Koma zaka zisanu ndinali kondakitala wa Mzuzu mpaka Nkhata Bay, ndiye za kuthinana musandiphunzitse. Ife timati anayi anayi, mpando wopangira anthu atatu. Akabwera mayi wathupi, diso limathamanga kusaka kamwana kasukulu kapena kamnyamata ngati Chifundo kuti tiwaphatikize. Masamu ake ndi omwewo akunena madalawa. Koma taonani chimene ndinkachita, ndipo lero ndikuchita nacho manyazi. Akabwera bambo wa mimba, wa tayi, ndinkathamanga kumutsegulira kutsogolo, "bwana khalani apa." Akabwera mayi wa thupi lomwelo atanyamula beseni la usipa, ndinkafuula kuti "mayi mulipira awiri," basi yonse n'kuseka. Thupi lofanana. Kusiyana tayi ndi chitenje.

Tiwonge wa ku Chibavi: Eeeh Mada, lero walapa.

Madalitso: Ndalapa koma ndalama zija sindibweza kkkk. A Sacramento, akabaza a njinga aja, ndiye osanena, akakuona ukubwera amayamba kuyang'ana tayala lakumbuyo.

Mayi a Tionge: Amenewo ndinasiyana nawo kalekale. Wina anandisiya pakati pa chitunda akuti mayi tsikani tiyende limodzi.

Bright M: Ine ndingonena mwachidule. Vuto lililonse lili ndi mankhwala ake. Kuchepetsa nsima, kusiya zokazinga, kuthamanga m'mawa. Ndege singakule chifukwa cha munthu, munthu ndiye achepe.

Sisi Mercy: A Bright, ine ndine nesi, ndipo mawu amenewo ndimawamva tsiku lililonse kuchokera kwa anthu amene sanamuyezepo wodwala ngakhale mmodzi. Inde, kunenepa kwambiri kumabweretsa shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kupweteka kwa mawondo, ndipo ife timalangiza anthu za kadyedwe. Koma timalangiza m'chipinda, chitseko chotseka, munthu atabwera yekha kudzafunsa. Komanso si onse onenepa amene anafika pamenepo ndi nsima. Pali chibadwa cha kumtundu, pali kubereka ana angapo motsatizana, pali vuto la chithokomiro, pali mankhwala ena amene munthu amamwa kuti akhale ndi moyo ndipo amamuwonjezera thupi. Inu simudziwa kuti mayi amene wakhala pafupi nanu ali pati. Ndipo ngakhale atayamba kuthamanga lero, ndege yake ndi ya Lachisanu. Achepa pofika Lachisanu?

Chinanso, ife Amalawi tili ndi malilime awiri pa nkhaniyi. Munthu akabwera kumudzi atanenepa timati "mwasintha, akukusungani bwino." Mkazi akapanda kunenepa pabanja, apongozi amafunsidwa mafunso. Amene tinalipo zaka za m'ma 1990 tikukumbuka momwe munthu akaonda pang'ono anthu ankanong'onezana kuti wayamba kaliwondewonde, mpaka ena ankadya mokakamiza kuti asalozedwe chala. Tinaphunzitsana tokha kuti thupi ndi umboni wa moyo. Lero munthu yemweyo akalowa m'galimoto ndi thupi lija tikumutcha thumba la chimanga.

Bright M: Sindimanyoza sisi, ndimangopereka nzeru.

NyaChirwa: Nzeru yake ndani anakupemphani?

Adimini: Tiyeni tisatukwanane. A Bright, funso la mayiwa ndi la mpando, za kadyedwe mutsegule nkhani yanu ina.

Anti Joyce: Moni nonse, kuno ku Calgary kukucha kumene ndiye ndapeza mauthenga ambiri. Mayi a Tionge, mlamu wanga, pepani. Ndikufuna ndiyankhe funso la mipando iwiri lija chifukwa kuno linafika mpaka kukhothi. Mu 2008 bungwe loona za maulendo la Canadian Transportation Agency linagamula kuti munthu mmodzi, mtengo umodzi. Kutanthauza kuti munthu wolumala amene akufunika womuperekeza, kapena amene kunenepa kwake kwafika pomulepheretsa kukwana mpando umodzi, asalipitsidwe mpando wachiwiri pa maulendo a m'dziko momwemuno. Air Canada ndi WestJet anayesa kukatsutsa koma khothi lalikulu linakana kumva apilo yawo chaka chomwecho. Pamafunika kalata ya dokotala, si kungofika pa kauntala n'kunena. Ndipo ndi za maulendo a m'kati mwa Canada, ukamabwera kumudzi lamulo limenelo silikuperekeza.

Chimene ndimachikonda pa njira imeneyi ndi chakuti imathandiza onse awiri. Wathupi wapeza malo, Chifundo wathu naye msana wake wapulumuka.

Chifundo: Imeneyo ndiye ndikugwirizana nayo ndi manja awiri. Ine sindikufuna kuti munthu alangidwe, ndikungofuna masentimita 43 anga.

Achimwene a Luwinga: Koma mpando waulerewo wina amaulipira. Umalowa pa mtengo wa matikiti a tonsefe.

Anti Joyce: Inde achimwene, monga momwe tonse timalipirira njinga ya olumala pa bwalo la ndege ngakhale tikuyenda ndi miyendo yathu. Sindinamvepo wina akudandaula zimenezo.

Ku America kulibe lamulo lotere, kampani iliyonse ili ndi zake. Southwest Airlines ndi imene anthu a matupi ankaikonda, chifukwa kwa zaka zambiri ukagula mpando wachiwiri ankakubwezera ndalama ulendo ukatha. Koma mu Januwale 2026 anakhwimitsa, anati uziguliratu ndipo pa kubweza ndalama anaikapo zoyenera kukwaniritsa. Ndiye zinthu sizikupita kofewa ayi.

Kondwani: Bwanji osangoyeza aliyense pa sikelo? Chikwama changa chikapitirira ndi makilogalamu awiri amandilipitsa, pomwe wina wondiposa ndi makilogalamu 50 walipira chimodzimodzi ndi ine. Chilungamo chake chili pati?

Tiwonge wa ku Chibavi: Ndiye tikhale ngati fodya ku okushoni? Atiike ndi mtengo pamsana?

Bambo Gondwe: Kondwani, zimene ukunenazo zinayesedwapo. Kampani ina yaing'ono ya pa zilumba za m'nyanja ya Pacific, Samoa Air, mu 2013 inatchuka chifukwa cholipitsa anthu potengera kulemera kwawo pamodzi ndi katundu. Koma zinali tindege ting'onoting'ono ta anthu ochepa, ndipo makampani akuluakulu sanatengere. Komanso taganiza bwino: sikelo imayeza kulemera, siyeza chiuno. Mwamuna wamtali wa makilogalamu 110 akhoza kukwana bwinobwino m'mpando, mayi wamfupi wa makilogalamu 90 osakwana. Wamulipitsa wamtaliyo, koma vuto la malo silinathe. Za chikwama chako, malire aja si a kulemera kwa ndege kokha, aliponso chifukwa cha misana ya anyamata amene amanyamula zikwamazo tsiku lonse. Ndikudziwa chifukwa msana umodzi mwa imeneyo unali wanga.

Koma kulemera kwa anthu ndi nkhani yeniyeni kwa oyendetsa ndege, pamenepo sindikutsutsa. Ndege isananyamuke amawerengera kulemera konse ndi momwe kwagawikira kutsogolo ndi kumbuyo. Popeza sangayeze aliyense, amagwiritsa ntchito nambala yoyerekezera. Ku Ulaya, pa ndege zazikulu, munthu wamkulu amamuwerengera makilogalamu 84 pamodzi ndi kachikwama ka m'manja. Nambala imeneyi ikakalamba imapha. Mu Januwale 2003 ku Charlotte, ku America, kandege ka Air Midwest kanagwa katangonyamuka, anthu 21 onse anafa. Ofufuza anapeza zinthu ziwiri: zingwe zoyendetsera chipsepse chakumbuyo anazimanga molakwika pokonza, komanso ndege inali yolemera kwambiri chakumbuyo chifukwa nambala zoyerekezera kulemera kwa anthu zinali zakale. Pambuyo pake anazikweza.

N'chifukwa chake mumamva kuti Air New Zealand inayeza anthu mu 2023, Finnair mu 2024. Anthu anakwiya pa intaneti poganiza kuti akufuna kulipitsa onenepa, koma kunali kwa ofuna okha, ndipo nambala yako sinkalembedwa ndi dzina lako. Ankangofuna kukonza masamu awo. Mukakwera kandege kakang'ono kopita ku Likoma kapena kumalo osungira nyama, musadabwe akakufunsani kulemera kwanu kapena kukuuzani kuti khalani mpando uwu osati uwo. Si chipongwe chimenecho.

Kondwani: Ndagonja madala. Koma chikwama changa chokha chimandiwawabe.

Abusa a ku Zolozolo: Kondwani, iwe vuto lako ndi ufa wa kondowole umene umanyamulira abale ku Joni.

Kondwani: Abusa musaulule kkkk

Chifundo: Funso lina kwa Bambo Gondwe. Palibe lamulo loti mpando usachepere apa? Boma silingalowererepo?

Bambo Gondwe: Lamulo lalikulu limene opanga ndege amaliopa ndi la kuthawa pangozi. Ayenera kuonetsa kuti anthu onse angatuluke m'masekondi 90 pogwiritsa ntchito theka la zitseko. Bola akwanitse zimenezo. Ku America nyumba ya malamulo mu 2018 inauza bungwe loyang'anira za ndege la FAA kuti liunike za kukula kwa mipando, linachita zoyeserera, koma ambiri anadandaula kuti anthu amene anawagwiritsa ntchito poyeserera munalibe okalamba, ana ndi olumala. Iwo amayang'ana ngati ungathawe moto, osati ngati ntchafu yako ili ndi mkwingwirima.

Sisi Mercy: Mayi a Tionge, chinthu chimodzi chandidetsa nkhawa pa zimene mwalemba. Mwati simunadzuke, simunapite kuchimbudzi, ndipo ndikukhulupirira madzinso simunamwe. Ulendo wa Joni ndi waufupi, koma musadzazolowere zimenezo. Munthu akakhala malo amodzi osasuntha maola oposa anayi, magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti chiopsezocho chimawirikiza pafupifupi kawiri. Kwa athupi, oyembekezera ndi amene akumwa mapiritsi ena olerera chimakhala chokulirapo. Izi ndi za pa basi yomwe, maka inu a masiku awiri panjira. Dzukani, yendani pakanjira, gwedezani mapazi, imwani madzi. Wokhala kunjira akatsonya, atsonye. Mukadzaona mwendo umodzi watupa, ukutentha ndi kuwawa pakatumba mutafika, kapena mukubanika, musadikire kuti kuche.

Mayi a Tionge: Zikomo sisi. Madzi sindinamwedi.

Esnart: Ine ndakhala ndikungowerenga. Ndine wathupi ngati mayiwa ndipo ndimapita ku Dar es Salaam ndi ku Dubai kawirikawiri, ndiye ndigawireko zimene ndinaphunzira ndi misozi yanga. Mpando wapakati ndi mdani, osalola kuti kompyuta ikusankhireni. Ine ndimasankha wakunjira, thupi lina limapumira kukanjirako, kungoti muzisamala ndi kangolo ka zakudya kaja, kamagunda phewa. Ndimafika msanga pa kauntala n'kumufunsa mwaulemu wolembayo ngati pali mzere umene uli ndi mpando wopanda munthu. Nthawi zambiri ndege ikakhala yosadzaza amathandiza. Lamba wowonjezera ndimapempheratu pakhomo polowa, pamene akukulonjerani paja, ndiye amabweretsa mwakachetechete musanayambe kulimbana ndi chitsulo anthu akuona. Mipando ya pa chitseko cha ngozi imaoneka yotakasuka koma musaithamangire, makampani ambiri salola wa lamba wowonjezera kukhala pamenepo, ndiye adzakusamutsani anthu akuona. Komanso mizere imeneyo, pamodzi ndi yakutsogolo kwenikweni, zotsamira zake nthawi zambiri sizikwera, katebulo kamakhala m'kati mwake. Ndege ya mapulopela ija, Q400, ilibe mpando wapakati, ndi awiri uku awiri uku, koma mipando yake si yotakata, musayembekezere zambiri.

Ndipo ndikakhala pansi ndimayamba ndine kupereka moni. "Muli bwanji achimwene, tithinana pang'ono, mundiuze ndikakupanikizani." Mwa anthu khumi, asanu ndi anayi amaseka n'kunena kuti palibe vuto. Wotsalayo ndi wa jekete uja, ameneyo ngakhale mutaonda apeza china.

Chifundo: Anti Esnart, bambo wa ku Addis uja akanangonena mawu amenewo, ndikanapendekeka chimodzimodzi koma sindikanafika nazo pagulu pano.

NyaChirwa: Komabe n'zomvetsa chisoni kuti munthu uziyamba kupepesa usanalakwe.

Esnart: Sindipepesa achemwali, ndimapereka moni. Kupepesa ndinasiya.

Bright M: Mayi a Tionge, ndawerenganso zimene ndinalemba m'mawa zija. Sizinali za malo ano. Pepani.

Mayi a Tionge: Zamveka a Bright.

Abale, zikomo nonse. Masana ano ndinapita kwa telala wanga ku Taifa kukatenga madiresi, ndiye ndinabwereka tepi yake. Ndinakhala pa benchi, iye n'kuyeza kuchoka uku kufika uku. Masentimita 48. Mpando Bambo Gondwe akuti 43. Ndiye mlandu wonse uja, kutsonya konse kuja, thumba la chimanga lija, ndi masentimita 5, awiri ndi theka mbali iliyonse. Telala anaseka mpaka anagwetsa choko, akuti mayi amenewo ndi ochepa kuposa mpendero wa siketi.

Mipando iwiri sindingakwanitse, ndisanamize munthu. Phindu lonse la ulendo lingathere pomwepo. Disembala ndibwerera pa basi yanga chifukwa katundu wa Khirisimasi sindingamusiye m'manja mwa anthu. Koma mwana uja akadzandiguliranso tikiti ndikwera, wakunjira, ndipo kambale kaja ndidzatsegula.

Madalitso: Mukadzakana chakudyacho mundisungire mayi, ndimangomva kuti mumakhala kabanzi ndi batala.

Mayi a Tionge: Kabanzi kake kamodzi Mada, sungakhute. A Esnart, chotsamira mkono chakunjira chija chimakwera? Ine ndinayesa kuchikoka potuluka chinakana.

Esnart: Pa ndege zambiri chimakwera, koma chili ndi kabatani kobisika. Pisani dzanja pansi pake chakumbuyo, pafupi ndi pamene chalumikizana ndi mpando, mukamva kachitsulo kakang'ono dinani kapena kokani uku mukukweza. Ponyamuka ndi potera amafuna chikhale pansi, koma m'mwamba ndi potuluka mukhoza kuchikweza. Chikakana mufunseni hositesi, amadziwa mizere imene zimatheka.